Chisaka, phata la amayi ndi chaputala chachiwiri

Chaputala chachiwiri cha thesis yanga, buku la kafukufuku lomwe munthu amalemba pomaliza digiri, chinabwerera m'manja mwanga chili psuu, ngati msewu wa ku Thekerani mvula itangokata. Ndinachilemba kwa miyezi itatu, usiku uliwonse ndikaweruka kuntchito, masamba 24, ndipo mumtima ndinkati apa pokha ndakhetsa thukuta. Supavaiza wanga, mayi wofatsa amene sindinamumvepo akukalipa, anandilozera mpando, natsegula tsamba lachitatu, nayamba kuwerenga mawu oyamba okha a ndime iliyonse. Uje anapeza kuti. Ujeni ananena kuti. Uje ndi anzake anaona kuti. Atafika pa tsamba lachisanu ndi chimodzi anavula magalasi.

"Achimwene, anthu onsewa mwawaitanira pabwalo. Aliyense waimirira, wanena zake, wakhala pansi. Nanga mlandu wake ndi wa chiyani? Woweruza ali kuti?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Ine ndinkaganiza kuti literature review, chaputala chounika zomwe ena analemba kale pa nkhani yako, ndi malo oonetsera kuti munthu wawerenga zambiri, basi.

Ndiyambe ndafotokoza chomwe chinanditengera kusukulu ndili kale bambo wa ana atatu. Ndine mlangizi wa zaulimi, ndipo kwathu ndi ku Masambanjati. Amene anakulira mbali imeneyi ya Thyolo akudziwa kuti nthochi inali banki yathu. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera m'mikoko ya nthochi yomwe amayi ankadula kuseri kwa nyumba, n'kuivundika, n'kuigulitsa kwa anthu a malole omwe ankapita nayo ku Limbe ndi ku Blantyre. Zotsala zinkalowa m'zitumbuwa. Kenaka kunabwera chisaka, matenda a nthochi. Masamba atsopano anayamba kutuluka ang'onoang'ono, owuma gwa, achikasu m'mphepete, oimirira njo ndi kuthithikana pamwamba ngati tsache. Nthochi yogwidwa ikadali yaing'ono sinkaberekanso. M'zaka zochepa, dera lomwe linkadyetsa matauni linayamba kuona nthochi za ku Mozambique ndi ku Tanzania zikugulitsidwa m'misika yathu yomwe. Ife alangizi tinkayenda mudzi ndi mudzi kuuza anthu kuti azule. Ena ankazula, ambiri ayi. Amayi anga enieni anali m'gulu la okana. Funso langa la kafukufuku linabadwira pamenepo: n'chifukwa chiyani mlimi amene akuona ndi maso ake kuti phata lake lafa amakanabe kulizula?

Nditachoka mu ofesi ya supavaiza ndinakwera minibasi yobwerera ku boma, chiperoni chikuwaza pagalasi, mawu aja a bwalo akundizungulira m'mutu. Ndakhalapo pa milandu yambiri ya malire a minda kwa amfumu. Mfumu yodziwa ntchito yake siingolola mboni kulankhula motsatana ngati ana akulakatula ndakatulo. Imafunsa kuti, inu mwati malire ndi mtengo wa mango uja, koma awa akuti ndi mzere wa nandolo, tsono inu munaliko chaka chomwe ankagawa mundawu, kapena munangomva? Imasiyanitsa woona ndi maso ndi womva m'maluwa. Imaika pamodzi ogwirizana, n'kuyang'anitsitsa pomwe akusemphana. Pomaliza imanena pomwe nkhani yaima ndi chomwe chatsala kuti chifufuzidwe. Zimenezi n'zomwe chaputala changa chinalibe. Ndinali kalaliki wolemba mayina a obwera, pomwe ntchito yomwe anandipatsa inali ya mfumu.

Chinthu choyamba chomwe ndinachita sichinali kulemba. Ndinagula pepala lalikulu la tchati, lija timagwiritsa ntchito pophunzitsa alimi, n'kulimata pakhoma la chipinda chochezera. Ndinajambulapo mizere. Pepala lililonse la kafukufuku linali ndi mzere wake: analemba ndani, chaka chanji, anafufuzira kuti, anafufuza bwanji, anapeza chiyani. Kumapeto ndinasiya danga lalikulu la funso lomwe linadzakhala lofunika kuposa onse: sanafunse chiyani? Pambuyo pake ndinasamutsira zonsezi mu kompyuta, koma pakhoma paja ndi pomwe maso anga anatseguka, chifukwa ndinkatha kuima chapatali n'kuona mapepala onse nthawi imodzi.

Nditaima choncho ndinaona kuti olemba a mapepala anga 40 sankakamba nkhani 40. Ankakamba nkhani zitatu kapena zinayi zokha. Gulu lina linali la ofufuza kachirombo koyambitsa chisaka. Lina linali la ofufuza nsabwe zomwe zimakafalitsa. Lina linali la njira zothana ndi matendawa, ndipo gulu laling'ono kwambiri linali la omwe anakhala pansi ndi alimi n'kucheza nawo. Mitu ya chaputala changa inachokera pamenepa. Ndime inasiya kuyamba ndi dzina la munthu, inayamba kuyamba ndi mfundo, mayina n'kumabwera pambuyo ngati mboni.

Ndipo nkhani yake itayalidwa bwino inali yokoma kuposa momwe ndinkaganizira. Matendawa, omwe m'mabuku amatchedwa banana bunchy top, analembedwa koyamba ku Fiji mu 1889. M'zaka za m'ma 1920 anasakaza minda ya nthochi ku Australia, ndipo kumeneko katswiri wina dzina lake Magee anaonetsa mu 1927 kuti amafalitsidwa ndi nsabwe zakuda za pa nthochi, zomwe dzina lake la sayansi ndi Pentalonia nigronervosa. Taonani kutalika kwa ulendo: anthu anadziwa chonyamula matenda mu 1927, koma kachirombo kenikeniko anadzakaona bwino ndi kukafotokoza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Kuno kwathu lipoti loyamba la sayansi lotsimikiza kuti kachiromboka kafika m'Malawi linatuluka mu 1997 m'magazini ya Plant Disease, ndipo linkanena za minda ya kunyanja, mbali ya ku Nkhotakota. Pamene ine ndinkadya zitumbuwa za amayi osadera nkhawa kanthu, mdani anali atalowa kale m'dziko.

Apa ndi pomwe ndinayamba kuweruza koyamba, ndipo ndikukumbukira mantha omwe ndinali nawo polemba chiganizo chomwe sichinali cha munthu wina aliyense koma changa. Mapepala ambiri amatchula Australia ngati chitsanzo cha dziko lomwe linagonjetsa chisaka pozula nthochi zodwala. N'zoona, anachichepetsa kwambiri. Koma ukawerenga mofatsa umapeza kuti kuzulako kunali ndi lamulo kumbuyo kwake, kunali oyendera minda olembedwa ntchito, ndiponso kunali chiletso chosamutsa mbewu popanda chilolezo. Ku Thyolo kuno malo aakulu ndi abwino ali pansi pa tiyi wa maesiteti, anthu tathithikana m'timinda ting'onoting'ono m'mapiri, ndipo phata la nthochi la banja lino limagundana masamba ndi la banja linalo. Nsabwe ikayamwa kachirombo imakhala nako moyo wake wonse, ndipo zina zimamera mapiko n'kuuluka. Ukazula wekha mnzako wa kuseri osazula, mbewu yako yatsopano imadwalanso. Ndinalemba kuti umboni wa ku Australia ndi wamphamvu pa funso loti kuzula kumathandiza kapena ayi, koma sungatiuze zambiri pa funso loti kungatheke bwanji m'mudzi momwe aliyense ali ndi ulamuliro pa kamunda kake. Supavaiza anachonga pambali pa ndime imeneyo ndi cholembera chobiriwira. Pepala limenelo ndikusungabe.

Pali vuto lina lomwe ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa linandidyera sabata ziwiri ndipo ndaona anzanga ambiri likuwagwetsa. Polemba koyamba chaputalachi ndinalembamo chiwerengero china chonena za kuchuluka kwa nthochi zomwe zinaonongeka. Ndinachipeza m'pepala lina, ndipo chinkamveka champhamvu. Supavaiza anachizunguliza n'kulemba pambali kuti, "Mwachiona nokha kumene chinachokera?" Ndinatsata. Pepala lomwe ndinatengamo linkaloza ku pepala lina. Linalo linkaloza ku lipoti la pamsonkhano. Lipotilo nditalipeza, movutikira, ndinaona kuti chiwerengerocho chinali kungoyerekeza kwa munthu mmodzi, cha dera limodzi, chaka chimodzi. Koma podutsa m'manja atatu chinali chitasanduka choonadi cha dziko lonse. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinachichotsa. Kuyambira pamenepo sinditchula pepala lomwe sindinalitsegule ndi manja anga, ndipo ngati loyambiriralo lakanika kupezeka, ndimalemba poyera kuti mfundoyi ndaimva kudzera mwa uje. Masiku ano vutoli lakula chifukwa cha mapulogalamu a AI omwe amatha kukupatsa dzina la wolemba, chaka ndi mutu wa pepala lomwe kulibe n'komwe. Mnzanga wina anabwera ndi mayina a mapepala asanu omwe AI inamupatsa. Titafufuza pa Google Scholar, tsamba lofufuzira mapepala a kafukufuku, ndi kuyesa manambala ake a DOI, omwe amazindikiritsa pepala pa intaneti, atatu sanapezeke paliponse.

Chaka chomwe pepala linalembedwa nachonso chili ndi mawu. Mapepala akale amanena kuti nsabwe ya nthochi imakhalanso pa koko ndi pa jinja, ndipo ine ndinakopera zimenezo mosaganiza kawiri, mpaka ndinayamba kuda nkhawa ndi koko wa amayi wa m'dimba. Kenaka ndinapeza kuti mu 2010 akatswiri ena anaonetsa kuti nsabwe zomwe zimakonda koko ndi jinja ndi mtundu wina, Pentalonia caladii, ngakhale zimafanana kwambiri ndi zinzake. Olemba akale aja sananame, analemba zomwe zinkadziwika pa nthawi yawo. Koma ine wolemba lero ndikasakaniza wa 1960 ndi wa 2015 m'chiganizo chimodzi ngati anakhala pa mphasa imodzi, wolakwa ndine.

Za kapezedwe ka mapepala sindichulutsa, ngakhale ndikudziwa kuti ndi pomwe ambiri timalira. Bandulo ya intaneti imatha usanatsitse mapepala khumi, magetsi amathima uli pakati pa chiganizo, ndipo pepala lomwe ukulifunitsitsa limakhala lotsekedwa, akufuna madola. Chomwe chinandipulumutsa ndi woyang'anira laibulale wa pasukulu yathu, amene anandionetsa Research4Life, makamaka gawo lake la zaulimi lotchedwa AGORA, lomwe sukulu za m'maiko ngati lathu zimalowamo ulere zikalembetsa. Anandionetsanso African Journals Online, komwe kuli zolemba zambiri za ofufuza a mu Africa muno. Pa Google Scholar ndinaphunzira kuyenda mbali ziwiri: kubwerera m'mbuyo potsata mndandanda wa kumapeto kwa pepala labwino, ndi kupita kutsogolo podina pomwe palembedwa Cited by kuti ndione omwe analitchula pambuyo pake. Kawiri ndinalembera imelo olemba eni ake kupempha pepala, ndipo onse awiri ananditumizira. Zotero, pulogalamu yaulere yosungira mapepala ndi kukonza maumboni, ndinaidziwa mochedwa, nditataya kale masiku ambiri ndikukonza pamanja makoma ndi madontho a APA, kalembedwe kotchulira maumboni. Ndipo musaiwale kuti si zonse zili pa intaneti. Ku Bvumbwe, pamsewu wa Limbe womwewu, kuli malo a boma ofufuzira za mbewu za zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndipo kucheza ndi anthu ogwira ntchito ya nthochi kumeneko kunandilozera ku malipoti omwe sindikanawapeza ndili pa kompyuta.

Tsopano ndifike pa danga lija la kumapeto kwa tchati, la zomwe sanafunse.

Loweruka lina ndinapita kumudzi. Ndinapeza amayi akusenga masamba ouma pa phata lawo lalikulu la kuseri kwa khitchini, lomwe linali litagwidwa kale. Ndinathyola tsamba limodzi, n'kuliyang'anitsa kudzuwa, n'kuwaonetsa timizere tobiriwira kwambiri todukaduka totsata mitsempha ya tsamba, tina tokhota ngati mbedza pofika pa msana wa tsambalo. Ndinakanula khoko la m'munsi, ndipo munali nsabwe zakuda bii zitaunjikana, nyerere zikuyendayenda pakati pawo.

"Amayi, mdani wake ndi ameneyu. Si chikwanje chanu ayi, matendawa sayenda ndi chikwanje kapena khasu. Amayenda ndi tizirombo iti, ndiponso ndi ana a nthochi omwe mumapatsana."

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Zimenezo ndamva, mwanangu. Koma phata ili anabzala ndi agogo ako aakazi, chaka chomwe ndinabadwa ine. Malo ano ndi a mbumba. Ine ndingazule bwanji malume ako asananene? Ndipo ndikazula, miyezi yonseyo tizidya chiyani podikira zatsopanozo? Wandibweretsera mbewu yake?"

Ndinalibe mbewu. Ndinalibenso yankho.

Usiku umenewo, pa nyali ya foni, ndinalemba m'kope mafunso atatu a amayi aja. Nditabwerera ku boma ndinaima patsogolo pa tchati changa n'kuyamba kufufuza mzere ndi mzere kuti ndani mwa mboni zanga anayankhapo. Za kachirombo, mayankho anali mbwee. Za nsabwe, chimodzimodzi. Za mbewu yoyera yochokera ku labotale, analipo. Koma za yemwe ali ndi mawu omaliza pa phata m'dera la chikamwini ngati lathu, komwe munda umayenda kuchikazi, mkamwini amalima pa malo a akazi ake ndipo mwini mbumba ndi malume, mapepala omwe ndinali nawo anali chete kapena ankangodutsapo ndi chiganizo chimodzi. Ambiri ankangoti alimi alibe chidziwitso chokwanira. Amayi anga chidziwitso anali nacho, mwana wawo ndi mlangizi. Chomwe analibe ndi chilolezo cha abale, chakudya cha pakati pa kuzula ndi kukolola, ndi chitsimikizo choti oyandikana nawo azulanso.

Ndinathamangira kulemba kuti palibe munthu amene anafufuzapo nkhaniyi. Supavaiza anafufuta chiganizo chimenecho ndi mzere umodzi.

"Mwawerenga zonse za padziko lapansi, achimwene? Lembani zomwe mungaziikire umboni. Nenani kuti munafufuza kuti, ndi mawu ati, zaka ziti, ndipo mwa zomwe munapeza, zokhudza nkhaniyi ndi zochepa. Komanso mwayang'ana kwa anthu a zaulimi okha. Za chikamwini ndi malo analemba ndi anthu a maphunziro ena. Pitani mukawaitane nawonso pabwalo lanu."

Ananena zoona. Nditasintha mawu ofufuzira, kuchoka pa nthochi ndi kachirombo kupita pa umwini wa malo, mabanja ndi chikamwini kum'mwera kwa Malawi, ndinapeza khamu lina la olemba omwe sanatchulepo nthochi ngakhale kamodzi, koma ankafotokoza ndendende zomwe amayi ananena kuseri kwa khitchini. Magulu awiriwa sankadziwana. A nthochi sankawerenga a za malo, a za malo sankawerenga a nthochi. Ntchito ya chaputala changa inakhala kuwakhazika pa mphasa imodzi, ndipo mpata womwe unaoneka pakati pawo ndi womwe kafukufuku wanga analowapo. Ndinazindikiranso kuti mpata woterewu sumaupeza poyamba n'kumausakira maumboni. Umaonekera wokha ukayala bwino zomwe zilipo.

Kulemba kwachiwiri kunanditengera sabata zisanu ndi imodzi. Ndinadziikira lamulo limodzi lomwe ndimalimbikitsa aliyense: powerenga, mawu aliwonse omwe ndakopera momwe alili ndimawaika m'zizindikiro za mawu a mwini ndi nambala ya tsamba nthawi yomweyo, chifukwa pakatha mwezi sungakumbukire kuti awa ndi ako kapena a eni. Polemba, ndinkatseka pepala, n'kudzifotokozera mfundoyo m'Chichewa mokweza ngati ndikuuza alimi pa munda wachitsanzo, kenaka n'kuilemba m'Chingerezi changa. Mfundo yomwe ndinkalephera kuinena m'Chichewa ndinkadziwa kuti sindinaimvetse, ndipo ndinkabwerera kukawerenganso. Anzanga ena ankalimbana ndi Turnitin, pulogalamu yoyeza peresenti ya mawu ofanana ndi a ena, posinthasintha mawu amodziamodzi kuti peresenti itsike. Njira imeneyo imabala ziganizo zopunduka, ndipo maganizo amakhalabe obedwa. Ukamvetsa n'kulemba wekha, n'kutchula mwini mfundo, peresenti imatsika yokha.

Mwa mapepala 40 oyamba aja, 14 ndinawachotsa. Ena anali abwino ndithu koma sankakhudza mlandu wanga. Awiri anali a m'magazini okayikitsa, aja amasindikiza chilichonse bola walipira, ndipo zinkaonekera pa kalembedwe kake ndi pa kusowa kwa njira yomveka ya kafukufuku. Zinandiwawa kutaya zomwe ndinawerenga mpaka usiku, koma chaputala chinapepuka n'kuyamba kuyenda. Chinatsika kufika pa masamba 17, ndipo ndime yake yomaliza inathera pa mafunso atatu omwe chaputala chachitatu chinayenera kufotokoza momwe ndikawayankhire. Anali mafunso a amayi aja, atavala Chingerezi.

Chaputalacho chitavomerezedwa ndinapitanso ku Masambanjati, ulendo uno ndi mafomu a mafunso ndi kalata yopita kwa amfumu. Ndisanayambe ndi mudzi, amayi anaitanitsa malume. Tinakhala pakhonde atatu, ine pansi pa mphasa, iwo pa mpando wa ndalema. Ndinafotokoza zonse kuyambira ku Fiji mpaka ku Nkhotakota, nsabwe, nyerere, ndi chifukwa chomwe mwana wa nthochi wooneka wathanzi wochokera pa phata lodwala amakhala atanyamula kale matenda. Ndinawauzanso kuti tisanazule tiyenera kupha nsabwe kaye, kuti zisabalalikire kwa anansi.

Malume anamvetsera osandidula. Atatha anatafuna fodya wawo pang'ono, nayang'ana kuseri kwa khitchini.

"Wanena bwino, mphwanga. Koma tisazule tokha. Ndikalankhule kaye ndi a kuseriku ndi a kumtundaku, tizule tsiku limodzi tonse. Iwe ukatipezere mbewu."

Amayi sananene kanthu. Ananyamuka, nalowa m'nyumba, natuluka ndi khasu lawo lakale lija la mpini wa m'bawa, naliimika pafupi ndi chitseko.